FELEMU YAKALE YA NJINGA: TIKONZE KAPENA TITAYE?

Anzathu a m'makoperativa, lero tikambirane za njinga. Tonse tikudziwa kuti kulima ndi ntchito imodzi, kufikitsa zokolola kumsika ndi ntchito inanso. Tomato sadikira munthu. Mukathyola m'mawa, pofika masana wayamba kufewa. Paja kuno ku Tete, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40.

Koperativa yathu ili ndi madimba m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, chakufupi ndi Chingodzi. Ambiri mwa ife kwathu ndi ku Angónia ndi ku Tsangano. Timalima tomato, anyezi, mpiru ndi therere. Kuti tigulitse bwino timaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, umene unatsegulidwa mu 1973, ndi kukafika kumisika ya m'tauni monga wa Kwachena. Amai amasenza madengu mpaka pamseu, kenaka amalipira galimoto. Ndalama ya galimotoyo imadya phindu. N'chifukwa chake takhala tikulakalaka njinga ya gulu.

MAFELEMU AWIRI

Tsiku lina tili pa phunziro lathu pansi pa mtengo wa masau, anthu awiri anabwera ndi mafelemu a njinga. Felemu ndi mafupa a njinga, mapaipi aja amene zitsulo zina zonse zimamangidwapo. Pa Chipwitikizi amati quadro.

Yoyamba anabwera nayo amai ena amasiye. Inali ya malemu amuna awo, amene anaigula kalekale akugwira ntchito ku Zimbabwe. Inakhala zaka zambiri kudenga la khitchini. Inali yakuda bii ndi mwaye, ndipo m'malo mwina munali dzimbiri. Inalibe mawilo, tcheni kapena chishalo.

Yachiwiri anabwera nayo mnyamata wina. Anaigula motchipa kwa ogulitsa zitsulo zakale. Inali yonyezimira, ya mapaipi onenepa, ndipo foloko yake inali ya masipuling'i. Ponyamula inali yopepuka ngati phesi.

Anthu ambiri anakonda yachiwiriyi. Koma bambo amene amasunga chuma chathu anaimirira nati, "Aphunzitsi, ndalama zili m'bokosizi ndi thukuta la anthu onsewa. Tikazimwaza pa chitsulo chakufa, mbeu ya chaka chamawa tidzagula ndi chiani?"

Amai amasiye aja anayankha mofatsa. Anati, "Achimwene, ine sindikukakamiza. Koma malemu ankapita nayo imeneyi ku Moatize ndi kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Tiyeni tikafunse odziwa."

Ine ndinavomereza msanga, chifukwa ndili ndi chipsera pachigongono. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula felemu yong'aluka pang'ono, ndipo munthu wina anandiwotcherera ndi moto wa magetsi. Anapakapo penti, ndipo inaoneka ngati yatsopano. Patangopita masabata atatu inathyoka ndili pamtsetse, nditanyamula dengu la tomato wa eni ake. Ndinalipira tomatoyo, ndipo ndinakhala masiku ambiri osagwira khasu. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono tinatenga mafelemu onse awiri kupita nawo kwa mmisiri wina wachikulire amene amakonza njinga ku Matundo. Zimene anationetsa ndizo ndalemba pano.

NJINGAZI ZINACHOKERA KUTI?

Mafelemu onse awiri anali a njinga za magiya zimene timati za mawunteni, ndiye kuti njinga za m'mapiri. Njingazi zinayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970. Anyamata a kumeneko ankakonda kutsetsereka m'mapiri ndi njinga zakale za matayala onenepa. Mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa njinga zotere zambirimbiri, dzina lake Stumpjumper. Posakhalitsa mafakitale ena anatsatira.

Njinga zoyambazo, kufikira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zambiri zinali zachitsulo ndipo zinalibe masipuling'i. Pambuyo pake kunachuluka za aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija chonga cha mapoto oyera.

Apa pali mfundo ziwiri zoti tizisunge. Yoyamba, njingazi anazipangira njira za miyala ndi maenje, choncho felemu yake imakhala yolimba. Yachiwiri, anazipangira kunyamula munthu mmodzi, osati matumba a chimanga. Zimasiyana ndi njinga zakuda zija, monga Hero kapena Phoenix, zimene timazidziwa pa katundu wolemera.

KUYESA KOYAMBA: MAGINITO

Mmisiri uja anatulutsa maginito a m'sipika ya wailesi yakufa. Anawaika pa felemu ya amai aja, ndipo anamata. Anawaika pa felemu yonyezimira, ndipo anagwa pansi.

Anati, "Mwaona, ana anga? Maginito akamata, imeneyo ndi yachitsulo. Akakana, ndi ya aluminiyamu."

Kusiyana kwake n'kotani? Chitsulo chimapirira. Chikapindika pang'ono, mmisiri amatha kuchiwongola. Chikang'aluka pamalo osaopsa, amatha kuchilumikiza ndi moto wa gasi ndi waya wa mkuwa. Ndiponso kawirikawiri chitsulo chimachenjeza: chimayamba chapindika chisanathyoke.

Aluminiyamu sichita dzimbiri lofiira, ndipo ndi yopepuka. Ikakhala yabwinobwino imagwira ntchito ndithu. Koma ikang'aluka kapena kupindika, nkhani yavuta. Imafuna makina apadera owotcherera, ndipo pambuyo pake iyenera kuikidwa m'ng'anjo kuti ibwerere mphamvu. Zimenezi sizichitika pansi pa mtengo. Mukaiwongola mokakamiza, imang'aluka.

Pa felemu zina zachitsulo mupezapo kapepala kolembedwa Cr-Mo kapena 4130. Chimenecho ndi chitsulo chabwino kwambiri, cholimba koma chosalemera. Ife amene taphunzira kuwerenga, tisaiwale kuyang'ana kapepala kameneka.

KUYESA KWACHIWIRI: MING'ALU

Tinatsuka mafelemu ndi madzi a sopo ndi kuwaika padzuwa. Mng'alu sungaoneke pa felemu yakuda ndi dothi. Kenaka mmisiri anationetsa malo amene njinga imavutika kwambiri:

Pakhosi, pamene pamadutsa foloko.
Pansi penipeni, pamene pamalowa ekiselo ya mapedalo.
Pamwamba pa paipi ya chishalo.
Kumapazi a kumbuyo, pamene pamamangidwa wilo.

Mng'alu umaoneka ngati tsitsi limodzi logona pa penti. Pitirizanipo chikhadabo. Chikakodwa, palani penti kuti muone bwino.

Yendetsaninso chala kunsi kwa mapaipi awiri amene amakumana pakhosi. Mukamva kakhwinya kapena kotupa, dziwani kuti njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu ndi wilo la kutsogolo. Felemu yotere yafooka kale.

Pa felemu yonyezimira ija, mmisiri anamatula kapepala kokongola kamene kanali pansi pa khosi. Kunsi kwake kunali mng'alu wotalika ngati ndodo ya machesi. Mnyamata uja anagwira pakamwa. Mmisiri anati, "Usadandaule mwana wanga, wapulumuka. Iyi ikanakuthyokera pamlatho, pakati pa magalimoto."

Zoonadi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pa felemu ya amai aja sitinapeze mng'alu ngakhale umodzi.

KUYESA KWACHITATU: DZIMBIRI

Dzimbiri lili mitundu iwiri. Lina limangokhala pamwamba. Mukapala ndi sandipepa, chitsulo choyera chimaonekera. Limeneli lisakuopseni. Lina limadya m'kati, ndipo limasiya timaenje ndi timabowo.

Kumbukirani kuti mapaipi a njinga ndi opyapyala. Pena chitsulo chake sichikwana milimita 1. Tsono dzimbiri likadya pang'ono pokha, paipi yatha.

Tengani msomali ndi kubaya mwamphamvu pamene pali dzimbiri lambiri. Ukalowa, felemuyo ndi yotaya. Gogodani mapaipi ndi sipanala yaing'ono. Paipi yamoyo imalira bwino ngati kabelu, koma yoola imalira mogontha. Gwedezaninso felemu pafupi ndi khutu. Mukamva zambiri zikuyenda m'kati ngati mchenga, ndiye kuti m'katimo mwadyeka. Yang'anitsitsani miyendo iwiri yapansi ya kumbuyo, chifukwa madzi amakonda kukhala m'menemo.

Felemu ya amai aja inapambana apanso. Kudenga la khitchini kunali kouma, ndipo madzi sanailowe.

KUYESA KWACHINAI: CHINGWE

Felemu yokhota imayenda chammbali ngati nkhanu. Imadya matayala mbali imodzi, ndipo imavuta kuiwongolera mukanyamula katundu. Maso okha sangaone kukhotako. Pamafunika chingwe ndi lula.

Chitani motere. Mangani chingwe ku phazi limodzi la kumbuyo. Chikokeni kupita kutsogolo, chizungulire khosi, chibwerere ku phazi linalo. Chimangeni chokungika. Tsopano chingwe chikudutsa mbali zonse ziwiri za paipi ya chishalo. Yesani ndi lula mpata wa pakati pa chingwe ndi paipiyo, kumanja ndi kumanzere.

Mipata iwiriyi iyenera kufanana. Ikasiyana ndi mamilimita 2 kapena 3, palibe vuto lalikulu. Ikasiyana kwambiri, felemu ndi yokhota. Yachitsulo yokhota pang'ono mmisiri angathe kuibweza, koma ya aluminiyamu iai.

Amene anagwira lula tsiku limenelo anali amai amasiye aja. Chaka chatha sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Anawerenga okha manambala, mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo anapeza kuti akusiyana ndi milimita 1 yokha. Tonse tinaomba m'manja.

KUYESA KWACHISANU: MAZINGA NDI TIMABOWO

Yang'anani m'chibowo chapansi chija, molowa ekiselo ya mapedalo. M'katimo muli mazinga, mizere ija yomangira. Akakhala odyeka, zitsulo sizingagwire, ndipo kukonza kwake n'kodula.

Chenjerani pomasula. Pa njinga zambiri za mtundu uwu, chomangira cha mbali ya tcheni chili ndi mazinga obwerera m'mbuyo. Chimamasuka mukachizunguza mmene umayendera muvi wa wotchi. Pedalo ya kumanzere nayonso ili ndi mazinga obwerera m'mbuyo. Anthu ambiri aononga njinga zabwino pokakamiza mbali yolakwika.

Ngati kapaipi konyamula chishalo kanamatirira m'kati, musakamenye ndi hamala. Thiranimo palafini kapena oilo, mudikire masiku angapo, kenaka muzikapotokola pang'onopang'ono.

Pomaliza, onani ngati kumapazi a kumbuyo kuli timabowo tomangira kaliyala. Kwa ife alimi, njinga yopanda kaliyala ndi yongoyendera.

TSOPANO MASAMU

Felemu ikapambana mayeso onse asanu, musathamangire kusitolo. Tengani kope ndi pensulo. Mmisiri uja anati, "Felemu yaulere ndi imene imadula." Amatanthauza kuti zitsulo zogula chimodzichimodzi zimawonkhetsa ndalama zambiri munthu osazindikira.

Tinagawa tsamba pawiri. Kumanzere tinalemba zonse zofunika: mawilo 2, matayala 2, machubu 2, tcheni, mapedalo, chishalo, mabuleki ndi mawaya ake, mabelingi, girisi, kaliyala, penti, ndi malipiro a mmisiri. Kumanja tinasiya malo a mitengo. Tinatuma anthu awiri kukafunsa mitengoyo m'malo atatu osiyana. Anafunsanso mtengo wa njinga yatsopano yonyamulira katundu.

Lamulo limene tinagwirizana ndi ili: zokonzera zikapitirira theka la mtengo wa njinga yatsopano, tiyambe taganizanso. Zikayandikira mtengo wonse, ndi bwino kupirira miyezi ingapo, kusonkha, ndi kugula yatsopano.

Poyamba masamu athu anapitirira theka. Ndiye tinayamba kuchotsa zosafunika.

Choyamba tinachotsa magiya. Njira yathu yochokera kumadimba mpaka kumsika ilibe mapiri akuluakulu. Magiya amafuna mawaya, tizitsulo tosinthira ndi tcheni yopyapyala, ndipo zonsezi zimatha msanga ndi mchenga. Tinasankha giya imodzi yofewerapo. Mapazi a felemu yathu ali ndi mpata wautali wokokera wilo m'mbuyo, choncho kukunga tcheni sikuvuta. Anzathu a kumapiri a ku Angónia ndi ku Tsangano, inu magiya angakuthandizeni, makamaka pokwera zitunda.

Chachiwiri, sitinataye zonse za felemu yonyezimira ija. Mahandulo, mabuleki ndi zitsulo zopalasira zinali zabwino, ndipo zinakwana pa felemu inayo. Gulu linamubwezera mnyamata uja ndalama imene anagulira. Foloko ya masipuling'i sitinaitenge. Masipuling'i akatha amagwedera, ndipo zokonzera zake sizipezeka wamba. Foloko yachitsulo ya malemu inali yowongoka, ndipo ndiyo tinasunga.

Pamene sitinaumire ndi pa wilo la kumbuyo. Ndilo limasenza katundu. Tinagula limu yolimba ya masipoko 36, ndi tayala latsopano.

Titawonkhetsanso, masamu anatsika mpaka pansi pa theka. Bambo osunga chuma anawerenga kawiri, kenaka anatsegula bokosi.

WERENGANI MANAMBALA A PA TAYALA

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Njinga zakale za mawunteni zimavala matayala a 26. Koma si tayala lililonse lolembedwa 26 limene lingakwane.

Yang'anani m'mbali mwa tayala. Mupeza manambala ena, monga 50-559. Nambala yachiwiriyo ndiyo yofunika. Imanena kukula kwa limu m'mamilimita. Ya mawunteni yakale ndi 559. Pali tayala lina lolembedwa 26 x 1 3/8, limene nambala yake ndi 590, ndipo silikwana pa limu ya 559. Tayala la njinga zakuda zija, la 28 x 1 1/2, nambala yake ndi 635.

Lembani nambala yanu pa kapepala popita kusitolo. Mukatero palibe amene angakugulitseni chinthu cholakwika.

Ngati mwapatsidwa tcheni yakale, iyeseninso ndi lula. Ikokeni, ndipo muwerenge mipata 24 kuchoka pa kamsomali kena kufika pa kena. Pa tcheni yatsopano pamakwana masentimita 30 ndi theka. Ikatalika kuposa apo ndi mamilimita 3, yatha, ndipo idzadya mano a magiya anu.

MMENE TINAIKONZERA

Ntchito yambiri tinagwira tokha Loweruka limodzi. Tinapala dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chinayera. Tinapaka penti yofiira yoteteza dzimbiri, itauma tinapaka yobiriwira. Tinathira oilo pang'ono m'kati mwa mapaipi. Mmisiri anamanga mawilo, anaika mabelingi atsopano ndi girisi, ndipo anatipangira kaliyala.

Pansi pa felemu, pafupi ndi ekiselo ya mapedalo, pamakhala nambala yodindidwa pachitsulo. Tinailemba m'buku la koperativa. Njinga ikabedwa, nambala imeneyi ndiyo umboni wanu. Inunso pogula felemu yakale, funsani kumene yachokera. Mukaona nambala yopalidwa, isiyeni.

IMANYAMULA ZINGATI?

Tinene zoona. Njinga yathuyi si ngolo. Kaliyala wamba wa kusitolo amapangidwira makilogalamu 25. Wathu ndi wolimbirapo, komabe tinagwirizana kuti tizinyamula madengu a ndiwo zamasamba, mbeu ndi katundu wina wopepuka. Matumba a makilogalamu 50 a chimanga kapena a feteleza sitiikapo.

Ngati ntchito yanu yaikulu ndi matumba, musavutike ndi felemu ya mawunteni. Funani njinga yakuda ya kaliyala wamkulu. Ku Malawi ndi ku Zambia kulinso njinga zotchedwa Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Kaliyala wake anapangidwira makilogalamu 100. Chida chilichonse ndi ntchito yake. Nkhwangwa salimira.

Tinaikanso malamulo. Wotenga njinga amalemba dzina lake ndi tsiku m'kope. Amaponya kandalama pang'ono m'thumba la zokonzera. Amapopa matayala asananyamuke, chifukwa tayala lofewa limatsina chubu pa miyala. Pobweza amaiika pamthunzi, popeza dzuwa la kuno limang'amba matayala. Loweruka lililonse tcheni imapukutidwa ndi kuthiridwa oilo.

Tsopano njinga imanyamuka tambala woyamba atangolira, ndipo tomato amafika kumsika asanafewe. Oyamba kulemba dzina m'kopemo anali amai amasiye aja. Sadziwa kupalasa, koma mdzukulu wawo ndiye anawanyamulira dengu.

Tsono inu amene muli ndi felemu kudenga kapena kuseri kwa nkhokwe, itsitseni. Itsukeni, mubwere nayo ku phunziro, pamodzi ndi maginito, msomali, chingwe ndi lula. Ikakhala yachitsulo, yopanda mng'alu, yosaola ndi yowongoka, ndipo masamu akalola, ikonzeni. Ikalephera pa mng'alu kapena pa dzimbiri, chotsaniko zitsulo zabwino, yotsalayo mugulitse kwa ogula zitsulo zakale. Musaigulitse kwa mnzanu ngati njinga.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mungadziwe bwanji kuti felemu ndi yachitsulo kapena ya aluminiyamu?
2. Tchulani malo anai amene muyenera kufunapo ming'alu.
3. Pa tayala palembedwa 37-590. Kodi lingakwane pa limu ya 559?
4. N'chifukwa chiani gulu lija linachotsa magiya? Nanga kwanuko mungachite chimodzimodzi?
5. Gulu lanu limalipira ndalama zingati za galimoto pa sabata? Nanga pa miyezi 6?

NTCHITO

Lembani m'kope mwanu maina a zitsulo 10 za njinga. Sabata ino kafunseni mitengo yake kumsika, muilembe, ndipo muwonkhetse. Mubwere nayo pa phunziro lotsatira kuti tidzayerekeze ndi mtengo wa njinga yatsopano.